Nova itasintha manja: ma launcher amene ndayesa pa benchi langa ku Balaka

Benchi langa lili chakufupi ndi depoti ya mabasi ku Balaka. Ntchito yake mukuidziwa kale: kutchaja mafoni, kumata galasi pa sikirini, kuthira nyimbo mu memore, ndi kumvera madandaulo. Dandaulo limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti, "Achimwene, foniyi yayamba ulesi." Nthawi zambiri foniyo imakhala kuti ilibe mlandu. Chimene chikuilemetsa ndi launcher.

Kwa amene mawuwa ndi achilendo, launcher ndi app imene imakulandirani mukangotsegula foni. Tizithunzi ta ma app mmene tandandalikirana, wotchi ya pamwamba ija, kabati kamene mumakoka ndi chala kuti muone ma app onse, zonsezo ndi app imodzi, ndipo pa Android mukhoza kuitsitsa pa mpando n'kukwezapo ina. Makasitomala ndimawauza kuti ndi khonde la nyumba: zipinda sizisintha, koma polowera mukhoza kupakonza mmene mukufunira. Kampani iliyonse imabwera ndi khonde lake. Samsung ili ndi One UI Home, Tecno ili ndi la HiOS, Infinix la XOS. Kusintha kwake mumalowa mu Settings, kenako Apps, Default apps, n'kusankha Home app, ngakhale mayinawa amasiyanako pang'ono malinga ndi foni. A iPhone pepani, nkhaniyi ikupitirirani.

Ine khonde langa linali Nova Launcher kwa zaka zambiri. Msuweni wanga wa ku Johannesburg ndi amene anandilipirira Nova Prime, mtundu wake wolipira, ndi khadi lake la kubanki, chifukwa kugula chinthu pa Play Store uli kuno mukudziwa mmene kumavutira. Kuchokera apo ndasintha mafoni anayi, koma sikirini yanga sinasinthe. Ndinali ndi kafayilo ka backup mu memore. Ndikagula foni ina ndimaika Nova, n'kuitana kafayilo kaja, zonse n'kubwerera m'malo mwake ngati katundu wosamuka naye pa lole imodzi. Chala changa chinaloweza njira. Kudina WhatsApp kumatsegula WhatsApp, kuikokera m'mwamba kumatsegula WhatsApp Business. Ma app obwera ndi foni amene sachotseka ndimawabisa. Tizithunzi ndimatichepetsa kuti pa mzere pakwane tisanu ndi kamodzi. Ndinene poyera: pa foni yanga Nova sinandilakwirepo, ngakhale tsiku limodzi.

Chimene chinandichotsa ndi nkhani za eni ake. Nova anaipanga ndi Kevin Barry, kudzera mu kakampani kake kotchedwa TeslaCoil Software. Mu 2022 inagulidwa ndi Branch, kampani ya ku America imene ntchito yake ndi kuwerengera amalonda mmene anthu akudinira ma link ndi kulowera mu ma app. Anthu anaguguda nthawi yomweyo, koma Barry ndi anzake anapitiriza ntchito ndipo tinaiwala. Mu Ogasiti 2024 Branch inachotsa antchito ambiri, ku Nova n'kutsala Barry yekha. Mu Seputembala 2025 nayenso analemba kuti wachoka, ndipo anafotokoza kuti anauzidwa kuti asiye ntchito imene ankachita yokonzekera kuika code ya Nova, malemba amene app imamangidwa nawo, poyera kuti aliyense wofuna aipitirize. Kenako mu Januwale 2026 kampani ya ku Sweden yotchedwa Instabridge, yodziwika ndi app yopezera Wi-Fi, inalengeza kuti Nova tsopano ndi yake. Inati ipitiriza kuikonza, inatchulanso zoika zotsatsa malonda mu Nova yaulere, a Prime okha osazionako.

Ine wa Prime ndikanatha kukhala phee. Koma Nova yaulere ndinaiika m'mafoni a anthu ochuluka: aphunzitsi, anyamata a kabaza, amayi a tomato, ma agent a Mpamba ndi Airtel Money. Chikasintha chilichonse pa sikirini yawo sakalembera kalata ku Sweden. Abwera pa benchi pano, "Achimwene, mwandiikira chiyani?" Ndiye ndinatenga mafoni awiri, yanga ya RAM ya 4 GB ndi ina yakale ya 2 GB imene mwini wake anaisiya chikole osabweranso, n'kuyamba kuyesa ma launcher mmodzimmodzi kwa pafupifupi miyezi iwiri, makamaka masana makasitomala akachepa.

Poyamba ndinkayang'ana chinthu chimodzi chokha: deti. Pa Play Store mukatsegula About this app, pansi pali polembedwa Updated on. Ndinkati ikakhala ya miyezi yapitayi ndiye kuti ili moyo, ikakhala ya zaka ziwiri zapitazo ndiye maliro anachitika kale. Ndipo deti lili ndi ntchito yake ndithu. Android imatuluka yatsopano chaka chilichonse, ndipo launcher imakhudzana ndi foni kwambiri kuposa app wamba. Mwachitsanzo Android 15 inabwera ndi Private Space, kachipinda kobisamo ma app, ndipo launcher imene sinakonzedwe kuti ikadziwe kachipindako siingakusonyezeni khomo lake. Google nayo ili ndi lamulo lakuti app imene yatsalira kwambiri m'mbuyo imasiya kuoneka pa Play Store kwa anthu atsopano amene ali ndi mafoni a Android yatsopano. N'chifukwa chake nthawi zina app imaoneka pa foni yakale ya mnzanu, inu kuisaka pa yanu osaipeza.

Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti deti lokha likhoza kundipusitsa. Mafoni ambiri amene amafika pa benchi langa anaima pa Android 11 kapena 12 ndipo sadzasunthanso mpaka adzagwere m'chitsime. Pa foni yotere launcher yakale ikhoza kugwira ntchito mpaka kalekale, poti pansi pake sipakusintha kanthu. Choopsa chenicheni si launcher yosiyidwa. Ndi launcher imene yagulitsidwa. Imeneyo deti lake limakhala la dzana lomweli, update ikubwera mwezi ndi mwezi, foni ikutsitsa yokha usiku, koma amene akuitumiza si amene munawakhulupirira poyamba paja. Zinachitikapo kale ndi ma app a Simple Mobile Tools, amene anthu ankawakonda chifukwa analibe zotsatsa malonda: kumapeto kwa 2023 mwini wake, Tibor Kaputa, anawagulitsa kwa kampani ya ZipoApps. Mwayi unali wakuti code yake inali poyera, ndiye anthu ena anaitenga n'kupitiriza pansi pa dzina la Fossify. Nova code yake sinali poyera, njira imeneyo panalibe.

Wina anena kuti ndi khonde chabe, mantha ndi a chiyani. Taganizirani zimene launcher imapempha. Kuti izikusonyezani kadontho pa app imene yalandira uthenga, imapempha chilolezo choona ma notification, ndipo app yokhala ndi chilolezo chimenecho imatha kuwerenga mawu a uthengawo, kuphatikizapo uja wonena kuti mwalandira ndalama zingati kuchokera kwa ndani. Kuti muzizimitsa sikirini pogogoda kawiri, ma launcher ambiri amapempha Accessibility, chilolezo champhamvu kwambiri. Kuti izikupezerani nambala ya munthu, imapempha ma contact. Ndipo ngakhale musaipatse chilichonse, imadziwa ma app onse amene muli nawo ndi amene mwatsegula kudzera mwa iyo. Agent wa ndalama amene foni yake imalira uthenga wa ndalama tsiku lonse, munthu amene wamukhazika pa khonde ayenera kukhala womudziwa.

Ndiye mafunso anga anasanduka atatu: anaikonza liti, akuikonza ndani, nanga akudyapo chiyani. Zili ngati mjigo wa m'mudzi. Kuti lero ukutuluka madzi si nkhani. Funsani ngati komiti ilipo, komanso ndalama ya mapaipi imachokera kuti.

Ndiyambe ndi imene ndinataya msanga. Pali mtundu wa ma launcher umene umadzaza Play Store mukangolemba mawu akuti launcher: tizithunzi tozungulira ngati mpira, moto ukuyaka pa sikirini, batani lakuti likuyeretserani foni, lina lakuti likuziziritsa batire. Ina mwa imeneyi, dzina ndisunge, inali ndi nyenyezi zoposa zinayi ndipo oitsitsa anali mamiliyoni. Deti lake linali latsopano ndithu. Ndinaiika pa foni ya chikole ija madzulo, bandulo ndili nayo yokwanira masiku angapo. Pofika m'mawa bandulo yatha, foni ikutentha ngati mbaula, ndipo ndikati ndiimbe foni pamayamba kubwera kanema wa masewera a njuga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukaona pansi pa dzina la launcher palembedwa Contains ads, komanso wopanga wake ali ndi ma app ena makumi angapo a tochi ndi oyeretsa foni, pitirirani. Palinso webusayiti ya Exodus Privacy imene mumalemba dzina la app n'kukuonetsani tizida tolondalonda anthu timene tili m'kati mwake. Ndinaphunzira kuyamba kuona kumeneko ndisanaononge data.

Imene ndinayamba kuitenga ngati yeniyeni ndi Lawnchair, chifukwa ndi imene imafanana kwambiri ndi moyo umene ndinazolowera. Inayamba mu 2017, imamangidwa pa launcher ya Android yeniyeniyo yotchedwa Launcher3, ndipo maonekedwe ake ndi a mafoni a Pixel a Google. Code yake ili poyera pa GitHub, webusayiti yosungirako code, oikonza ndi anthu ongodzipereka, yaulere, yopanda zotsatsa malonda. Mumasankha kuchuluka kwa mizere, kukula kwa tizithunzi, mtundu wa zilembo, mumabisa ma app, mumaika ma icon pack osinthira maonekedwe a tizithunzi, ndipo ali ndi yawoyawo yotchedwa Lawnicons. Pa foni yanga imayenda mofewa, chala sichidikira.

Zofooka zake zilipo. Anthuwa sathamanga. Lawnchair 14 inakhala pa beta, kutanthauza mtundu woyeserera, nthawi yaitali, ndipo 15 nayo inatuluka ngati beta mu 2025. Mawu akuti beta amaopsa makasitomala, ndipo munthu wongoyang'ana deti la mtundu womalizidwa akhoza kuganiza kuti inafa. Muyenera kulowa pa GitHub n'kuona kuti anthu akulemberana ndi kukonza zinthu. Zosankha zake n'zocheperapo poyerekeza ndi za Nova, ndipo kafayilo kanga ka backup ya Nova sikanandithandize kuno. Ndinakhala madzulo athunthu ndikusanja ma app pamanja ngati wosamukira nyumba yopanda mashelefu. Chenjezo lina: dzinali ndi lotchuka, ndiye itsitseni kudzera pa webusayiti yawo kapena pa GitHub pawo, osati fayilo yoponyeredwa mu gulu la WhatsApp kapena yolandira pa Xender kwa mnyamata wa pa depoti. Zomwezonso ndi Nova Prime "yothyola" imene imazungulira m'mafoni muno. Simudziwa kuti amene anathyolayo anasiyamo chiyani.

Niagara Launcher inandisokoneza masiku atatu oyamba, kenako inayamba kundikoma. Opanga ake ndi kagulu ka ku Germany kotsogozedwa ndi Peter Huber. Kuno kulibe mizere ya tizithunzi yodzaza sikirini. Ma app amene mumakonda amakhala pa mndandanda umodzi wotsika pansi, ndipo cha m'mbali muli zilembo kuyambira A mpaka Z. Mukatsetsereka ndi chala chachikulu pa zilembozo, zimapindika kutsata chalacho, n'kukufikitsani pa app imene mukufuna. Anaipangira dzanja limodzi. Mu minibasi ya ku Liwonde, dzanja lina litagwira chikwama pamiyendo, ndinamvetsa chimene anaipangira. Uthenga umaoneka pansi pa dzina la app, mukhoza kuuwerenga osatsegula.

Pa mafunso anga atatu aja, Niagara imayankha awiri mosabisa: imakonzedwa pafupipafupi, ndipo amadyera pa Niagara Pro imene anthu amalipira. Kwa ine bizinesi yotere ndi yomveka, chifukwa munthu amene mukumulipira safunikira kukugulitsani kwina. Koma code yake siili poyera, ndiye ngati tsiku lina atalandira ndalama yabwino n'kuigulitsa, tidzakhala pomwe tili ndi Nova. Komanso zokoma zina zili mu Pro, ndipo sindikufuna kuvutitsanso msuweni uja. Yaulereyo ndi yokwanira munthu amene ma app ake a tsiku ndi tsiku sapitirira asanu ndi atatu. Mphunzitsi wina wa ku sekondale ndinamuikira, mpaka lero sanabwere kudzadandaula, ndipo pa ntchito yathuyi kumeneko ndiye kuyamikira.

Microsoft Launcher, imene kale inkatchedwa Arrow Launcher mpaka 2017, ndinangoidutsa. Ndi ya anthu a muofesi amene moyo wawo uli mu Outlook ndi kalendala. Smart Launcher ya ku Italy imasanja yokha ma app m'magulu, a mauthenga pawokha, a nyimbo pawokha, ndipo amene sakonda kusanja aikonda. Ine ndimafuna kuika ndekha chinthu pamene ndikufuna. Fossify Launcher ndi yoyera mtima, yopanda zotsatsa, koma idakali yosavala, zosankha zake n'zochepa. Kvaesitso, dzina loluma lilime, ndi yokongola ndipo imadalira kusaka, koma siipezeka pa Play Store, ndiye kwa kasitomala amene sadziwa F-Droid update yake idzakhala ntchito yanga mpaka kale. F-Droid ndi sitolo ina ya ma app a code yapoyera okhaokha, ndipo ubwino wake imalemba deti la mtundu uliwonse umene watuluka.

Pa foni ya chikole ya 2 GB ija, mfumu inali KISS Launcher. Ndi kakang'ono zedi, kutsitsa kwake simungamve pa bandulo, ndipo sikapempha n'komwe chilolezo cholowa pa intaneti. Chinthu chimene sichingalowe pa intaneti sichingakubweretsereni kanema wa njuga, ngakhale chitafuna. Kagwiridwe kake ndi kosaka: pansi pali kabokosi, mumalemba zilembo ziwiri kapena zitatu, n'kukubweretserani app, munthu wa mu ma contact, ngakhale malo ena a mu Settings. Kamaloweza zimene mumatsegula kawirikawiri n'kumaziika pafupi ndi chala. Foni imene inkatenga nthawi yoti mukhoza kuthira shuga mu tiyi isanabwerere pa sikirini yoyamba inayamba kudumpha ngati mwana wa mbuzi. Code yake ili poyera, ili pa Play Store ndi pa F-Droid pomwe.

Vuto la KISS ndi maso a anthu. Siyokongola. Mnyamata wina wa kabaza ndinamuonetsa, anaiyang'ana n'kunena kuti, "Madala, foni ndinagula yodula, musandisandutsire kakompyuta ka ku banki." Komanso imafuna munthu wodziwa kalembedwe ka dzina la app. Makasitomala anga ambiri app amaidziwa ndi mtundu: yobiriwira ija, yabuluu ija, yofiira ya ndalama ija. Kwa iwowo kabokosi kosakira ndi khomo lokhoma.

Apa ndi pamene nkhani ya amayi anga ikulowera. Amayi amakhala kumudzi cha ku Ulongwe, maso anayamba kuchita chifunga, ndipo foni imene mlongo wanga anawagulira inkawasowetsa mtendere. Chala chikangotsetsereka, kachithunzi kasamuka. Mdzukulu akaigwira, masewera adzaza. Mwezi uliwonse foni imabwera pa minibasi m'manja mwa kondakitala ndi uthenga wakuti, "Muuzeni akonze, Baibulo lasowa." Chichewa amawerenga bwino, anaphunzira ku sukulu ya mishoni, koma tizithunzi tating'ono tofanana mitundu timawazunguza.

Ndinawaikira Olauncher. Wopanga wake ndi wa ku India, code ili poyera, ilibe zotsatsa malonda. Ilibe tizithunzi n'komwe. Sikirini yoyamba imakhala wotchi, deti, ndi mayina a ma app olembedwa m'mawu, osapitirira asanu ndi atatu. Zilembo mukhoza kuzikulitsa. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti dzina la app mukhoza kulisintha. Ndiye ndinakhala pansi n'kulemba: Imbani, Mauthenga, WhatsApp, Baibulo, Wailesi, Zithunzi. Zisanu ndi chimodzi basi, zilembo zikuluzikulu zoyera pa sikirini yakuda. Ma app ena onse osafunika ndinawabisa.

Nditapita nayo ndekha Loweruka, anaigwira, kuitalikitsa pang'ono ndi maso monga amachitira ndi buku la nyimbo, n'kuyamba kuwerenga mokweza mzere ndi mzere. Atafika pa Baibulo anadina, linatseguka. Anandiyang'ana.

"Ndiye foniyi Chichewa imachidziwa? Nthawi yonseyi imangodzimva?"

"Ndaiphunzitsa ine, amayi."

"Uiphunzitsenso kuti ana asamaigwire."

Zimenezo Olauncher singathe. Koma popeza palibe kachithunzi kokoka, palibenso chosamuka, ndipo adzukulu akaona sikirini yopanda mitundu amaganiza kuti foni ndi yoonongeka n'kuisiya. Miyezi yadutsa kondakitala sanandibweretsere foni. Kwa munthu wachinyamata Olauncher ikhoza kuuma kwambiri, ma widget, timabokosi toonetsa zinthu ngati nyengo pa sikirini, kulibe, ndipo ena amaiika dala kuti achepetse kucheza pa foni. Koma kwa makolo odziwa kuwerenga, sindinapeze inzake. Kukoka chala kumanzere kapena kumanja kumatsegula app imene mwasankha, ndipo kwa amayi ndinakuzimitsa kuti kamera isamatseguke yokha m'thumba la chitenje.

Pali chinthu chimodzi chimene chidzakukhumudwitseni pa launcher iliyonse yoika nokha, ndipo musaimbe mlandu wopanga wake. Kuyambira pa Android 9 ndi 10, kuyendetsa foni pokoka chala kuchokera pansi, komanso sikirini yoonetsa ma app amene mwatsegula posachedwa, zinamangiriridwa ku launcher yobwera ndi foni. Mukaika ina, yakale ija siichoka, imagwirabe mbali imeneyo kuseri. N'chifukwa chake nthawi zina mukabwerera pa sikirini yoyamba pamakhala kakuphethira, kapena chala chimadina koyamba osamveka. Mafoni ambiri a Xiaomi amakana n'komwe kukoka chala kuja mukasintha launcher, amakubwezerani ku mabatani atatu a pansi. Ine ndinabwerera ku mabatani atatu mwa kufuna kwanga ndipo kuphethira kunachepa. Chinanso, mafoni ena amapha ma app kuti asunge batire, ndiye mukaona launcher ikuyamba mwatsopano nthawi ndi nthawi, lowani ku Settings ya batire muichotse pa mndandanda wa zophedwa. Ndipo inu a WhatsApp ziwiri pa foni imodzi, imodzi ya kunyumba ina ya kwina, musanakhazikike pa launcher yatsopano yambani mwaona ngati yachiwiriyo ikuoneka. Sindikufunsani kuti ndi ya chiyani.

Ndiye ndaima pati? Pa foni yanga pali Lawnchair. Siyofika pa Nova ya masiku ake abwino, ndipo kukoka WhatsApp m'mwamba kuja chala changa chimakuchitabe chokha n'kupeza palibe. Koma ndikudziwa kuti ngakhale oikonza lero atatopa, code ili pabwalo, ena akhoza kuitola monga zinachitikira ndi Fossify. Kasitomala wa foni yofooka wodziwa kulemba ndimamuikira KISS. Wokonda zooneka bwino, wa dzanja limodzi, Niagara. Achikulire owerenga, Olauncher ya mayina a Chichewa. Ndipo ena ambiri, kunena zoona, ndimangowasiyira launcher yobwera ndi foni, n'kuzimitsa zimene zingazimitsidwe mu Settings yake, chifukwa munthu amene sanadandaule za khonde lake palibe chifukwa chomugwetsera.

Amene ndinawaikira Nova kale sindikuwathamangitsa. Akabwera kudzatchaja ndimawafotokozera kuti eni ake anasintha, n'kuwafunsa ngati akufuna kukhala kapena kusamuka. Ambiri amati, "Ikugwira ntchito, isiyeni." Ndimaisiya. Kwa ma agent a ndalama okha ndimaumirira pang'ono kuti tichotse chilolezo choona ma notification pa launcher iliyonse imene ali nayo, kaya ndi iti, ndipo kadontho ka uthenga akakasowa azolowere.

Mayi wina wa Mpamba anandifunsa kuti, "Nanga iyi mwandiikira leroyi akadzaigulitsanso?" Ndinamuuza kuti abwere tidzasinthe, ulere. Atachoka ndinatsegula kope langa la ngongole, tsamba lakumapeto, n'kulemba mayina anayi aja, Lawnchair, KISS, Niagara, Olauncher, pambali pake mwezi woti ndidzaonenso deti ndi dzina la mwini wake pa Play Store. Pamwamba pake pali dzina la mwini foni ya chikole ija, amene ndikumudikirabe. Akadzabwera adzaipeza ili ndi KISS.